Fumbi la Nsapato za Mlaliki

Lero m'mawa ndapeza kapepala ka uthenga wa Mulungu pansi pa chitseko, ndipo kandikumbutsa alaliki awiri amene anabwera kwathu ku Kanyama ndili kamtsikana.

Masiku amenewo amayi ankakayikira aliyense wonyamula Baibulo. Anzathu a nyumba yoyandikana nafe analandirapo alendo otere, ndipo sabata isanathe wailesi yawo inabedwa. Choncho awiriwa atangoti odi, amayi anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ambuye anatituma tiziyenda awili awili, nyumba na nyumba," anatero wamkuluyo, akupereka kapepala.

"Manje anakutumani kuti muziyangana mukati?" amayi anafunsa. "Pitani!"

Wamng'onoyo anapsa mtima. Anavula nsapato n'kuziombanitsa katatu pakhonde pathu lonunkhira polishi, akuti Baibulo limati akakukanani, sansani fumbi la kumapazi anu. Kenako onse awiri anachoka, kapepala kaja atakasiya pakhonde.

"Usapondepo!" amayi anandikoka dzanja. "Ni mankhwala aya."

Anawaza mchere, anasesera fumbilo pa kapepala komweko, n'kukapinda osalikhudza. Anawalondola, ine ndili pambuyo, mpaka tinawapeza pa mpopi.

"Tengani vinthu vanu," amayi anatero, akuwapatsa kapepalako.

Wamkuluyo anafutukula kapepalako. Anayang'ana fumbi, kenako mnzake, amene anangozyolika. Ndiye anakapindanso bwinobwino, nati, "Zikomo amai, tikhululukileni," n'kukaika m'thumba la jekete.

Amayi anandifinya phewa mpaka ndinamva kuwawa.

"Waona?" anandinong'oneza. "Wasunga. Afuna akaike kwina."