Chingerezi cha a Zuze ndi maso anga

Ndikakumbukira a Zuze, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la nzimbe zikamawotchedwa, utsi wokoma ngati shuga wopserera, ndi phulusa lakuda lomwe linkagwa pang'onopang'ono pa zovala zoyanika mpaka amayi kuchapanso akunyinyirika. A Zuze anali oyandikana nafe nyumba ku Nchalo. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa masau, ndipo tsiku lonse tinkamva kugogoda kwa sipanala, kulira kwa pampu, ndi mawu awo okhuthala akukangana ndi eni njinga.

Asanapume ntchito anali mesenjala ku ofesi ya esiteti ya nzimbe, wolowetsa tiyi m'misonkhano ya mabwana. Sukulu sanapite nayo patali, koma m'misonkhanomo anatolamo mawu atatu achingerezi, n'kuwasamala ngati zida zawo zantchito: notisi, menshoni ndi emfasaizi.

"Kunotisa n'kuona chimene anzako akungochidutsa," ankatero. "Kumenshona n'kuchitchula mopepuka, mwini wake akafuna atole. Koma kuemfasaiza n'kugogomeza mpaka munthu asowe pothawira."

Munthu akabwera ndi njinga ankamuuza kuti, "Ndanotisa kuti tcheni chatha. Tayalanso, ndangomenshona. Koma mabulekiwa, achimwene, ndikuemfasaiza!" Anthu ankaseka, ndipo ana tinkawatchula a Emfasaizi akatembenuka.

Nthawi imeneyo ine ndinali kubwereza sitandade folo. Aphunzitsi akalemba pa bolodi ndinkangoona tizinthu toyera tosakanikirana, ndipo ndinkaganiza kuti aliyense amaona choncho, kungoti anzanga ndi anzeru. Bambo anga, omwe ankadula nzimbe, anatopa nane. Anagamula kuti teremu ikatha ndipite kwa azakhali ku Ndamera ndikathandize kutola thonje, popeza mutu wanga unali wouma.

Masana ena a Zuze anandipempha kuti ndiwatolere kanati ka njinga komwe kanagwa pamchenga. Ndinagwada n'kuyamba kupapasa, mphuno ili pafupi kukhudza pansi, chonsecho kanatiko kanali pafupi ndi bondo langa. Anasiya zomwe ankachita.

"Fatima, akubwera apo ndi ndowa ndani?"

Ndinatsinzina diso limodzi. "Sindikuwadziwa."

Anali amayi anga.

Mawa lake bambo atabwera kudzamatitsa chubu, a Zuze anati, "Bambo a Fatima, ndingomenshona pang'ono. Maso a mwanayu mukanawaonetsa kuchipatala."

Bambo anaseka. "Maso? Nyama m'mbale amaiona bwinobwino. Ndi ulesi basi."

A Zuze anangomata chubu, napopa, nawapatsa njinga yawo.

Teremu inatha, ndipo amayi anandimangira zovala m'chitenje. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, kukutentha moti ngakhale mbuzi zinali phee pamthunzi, tinaona a Zuze akulowa pakhomo atavala jekete lawo lakale la ku ofesi, thukuta lili chuchuchu. Amayi anawayalira mphasa n'kuwapatsa madzi, koma anangoyika kapu pambali.

"Lero sindinabwere kudzamenshona," anatero. "Bambo a Fatima, ndapota nanu, tengani chinthu chilichonse mukaime pa masau paja."

Bambo anachita tsinya, koma munthu wamkulu samukanira pakhomo pako. Analowa m'nyumba, natuluka atabisa chinthu kumbuyo, nakaima pamtengopo n'kuchikweza m'mwamba.

"Fatima, bambo ako anyamula chiyani?"

Ndinayang'ana mpaka misozi kutuluka. "Khasu," ndinayankha.

Chinali chikwanje chawo chodulira nzimbe, chomwe ankachinola pakhomo tsiku ndi tsiku. Mng'ono wanga anayamba kuseka, amayi n'kumutsina. Bambo anabwerera pang'onopang'ono, nakhala pansi.

"Mwanayu si wopusa," anatero a Zuze, akumenya mphasa ndi chala pa liwu lililonse. "Saona. Ndikubwereza, saona. Mukamutumiza ku thonje, sukulu yathera pomwepo. Ndikuemfasaiza."

Tsiku limenelo palibe anaseka liwulo. Bambo anayang'ana chikwanje chili pamiyendo pawo kwa nthawi yaitali.

"Ndakhala ndikumukwapula chifukwa cha mayeso," anatero motsitsa mawu. Kenako anatembenukira kwa a Zuze n'kuwathokoza m'Chisena, chomwe ankalankhula zinthu zikawafika pamtima: "Takhuta, baba."

Sabata yomweyo bambo anandikweza pa njinga kupita kuchipatala cha mishoni, ndipo patapita nthawi magalasi anga anafika. Pobwerera kokawatenga ndinkangokuwa pakaliyala. Mitengo inali ndi masamba, lililonse palokha! Ndinaona mbalame pa mawaya a magetsi, ndinaonanso zipsera za masamba a nzimbe pa mikono ya bambo, zomwe sindinkadziwa kuti zilipo. Titafika ndinathamangira pa masau.

"Eya, wanotisa chiyani?" anafunsa a Zuze.

Ndinawayang'anitsitsa. "Muli ndi imvi m'makutu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Zimenezo ukanangonotisa, mwana iwe, osamenshona!"

A Zuze anamwalira ndili ku sekondale. Kumeneko ndinaphunzira mawu ena ambiri achingerezi onena za kuona, kutchula ndi kutsindika, ndinadziwanso kuti atatu aja a Zuze ankawatchula mokhota. Koma mpaka lero ndikamawaphunzitsa ana anga a sitandade seveni kuno ku Nsanje, lilime limafuna kuwatchula mmene ankawatchulira iwo.

M'kalasi mwanga muli mtsikana wina wofatsa, amene ndikamalankhula amapendeketsa mutu kuti khutu lakumanzere liloze kwa ine. Anzake amamunena kuti ndi wogona. Mayi ake ndinawauzako tsiku lina titakumana pamsika, anangoti amva, n'kupitiriza kusankha tomato. Loweruka likubwerali ndikupita kwawo.