Kabokosi ka Atate pa mzere wa saladi

Loweruka ndinaperekeza Atate ku Cairo Road kukaima pa mzere wa saladi, mafuta ophikira aja. Atate anagontha ndi makina a ku Heavy Industrial Area. Tsopano amayenda ndi kabokosi kowathandiza kumva m'thumba la malaya, kawaya kake kokwera mpaka m'khutu.

Mzere unasokonekera. Mnyamata wa chipani, ndodo m'manja, anayamba kukankha anthu.

"Imwe ba mudala, bwelelani kumbuyo."

Atate anali kuyang'ana kutsogolo. Sanasunthe.

"Ba mudala, nikamba na imwe. Ni mwano uyu?"

Anawakuwira pakhutu penipeni, nkhope ya Atate nkukwinyika. Kabokosi kaja sikasankha. Kamakweza zonse pamodzi: mabasi, nsapato, makanda olira, kukuwa komweko. Atate amati zimamveka ngati mvula pa malata.

Ndodo inakwera m'mwamba.

Kwathu ku Kabwata anandiphunzitsa kugwada ndi kuyang'ana pansi polankhula ndi akulu. Ngakhale m'kalasi sindikweza dzanja. Koma ndinalowa pakati pawo, ndinagwira Atate pachibwano ndi kuwatembenuzira kwa ine.

"Atate," ndinatero pang'onopang'ono, "akuti tibwerere kumbuyo."

Anayang'ana milomo yanga. Anabwerera. Ndodo inatsika.

Mayi wina pa mzerepo anatsonya. "Ana a masiku ano. Kugwila atate ake ku cibwano monga ni mnzake."

Mawu amenewo ndinawalemba m'buku langa, ndipo akundiwawabe.

Inu owerenga, mukakumana ndi munthu wosamva, mumatani? Ambiri timakuwa. Akapanda kuyankha timati ndi wamwano, kapena timamusiya nkumalankhula ndi amene wamuperekeza.

Sisitere wa kuchipatala anatiuza kuti kunja akuyesa kupanga tizipangizo tosefa phokoso, kuti mawu a munthu azitsala okha, omveka. Sindidziwa tidzafika liti kuno, kumene ngakhale mabatire a kabokosi amasowa. Pakali pano osefa ndife. Kutseka wailesi. Kuima powala. Kumuonetsa munthu pakamwa pako.

Saladi inatha tisanafike pakhomo la sitolo. Madzulo ndinawapatsa Atate madzi osamba m'manja. Ndinagwada monga mwa masiku onse, koma nkhope sindinaweramitse. Azakhali, amene timakhala nawo, anandiyang'ana moipa.

Ndikaweramitsa mutu, azakhali amakondwa, koma Atate samva ngakhale liwu limodzi. Nanga ulemuwo ndikuchitira ndani?