Mkate umene ndinasungira amama

Telala wa ku msika wa Chisokone amasita diresi loyera la mwana lero, ndipo fungo la nsalu yotenthayo landibwezera kwathu ku Ipusukilo, tsiku limene ndinalandira Ukalistia woyamba.

Amama sankalandira. Anthu onse akamapita kutsogolo, iwo ankatsala pa benchi, maso pansi, chifukwa atate anakana kukamanga ukwati kutchalitchi. Ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangoganiza kuti mkate sukwanira.

Tsiku limenelo ndinachotsa mkatewo mkamwa, n'kuukulunga m'kampango. Titafika kunyumba ndinawatambasulira, uli wonyowa ndi malovu.

"Amama, ndakusungirani. Tigawane."

Anagwada pasimenti. Sanandimenye. Bola akanangondimenya.

"Mwana wanga, wachita chiyani? Ine ndinatayika kale. Tsopano wadzitaya ndi iwe."

Anamwalira osalandirapo. Wansembe wathu wandiuza kawiri konse kuti tsiku lija Mulungu anaona chikondi cha mwana, osati tchimo. Ndimavomera ndi mutu. Koma Lamulungu lililonse anthu akaimirira kukalandira, miyendo yanga imakana, ndipo ndimatsala pa benchi, maso pansi, ngati amama.