Ndinakapepesa Maliro pa Intaneti

Chaka chomwe tinagula kompyuta ku Alexandria kuja, kunja komwe tinasamukira, ndinapenga nayo ngati mwana. Ndinali munthu wamkulu, wokolopa m'maofesi a kampani yogwira ntchito za boma, koma ndikangoweruka, liwiro kunyumba. Pa Intaneti ndinapeza malo ochezerapo Asilamu a m'mayiko onse. Ndinkalonjera aliyense mpaka kufunsa za ana kunyumba, kenako n'kuyamba kukangana. Ine mkangano ndimaukonda kuposa tiyi.

Munthu wina kumeneko ankandiyamikira tsiku ndi tsiku. Ati m'bale, muli ndi moto mumtima, anthu ngati inu ndi osowa. Moto womwewo akazi anga amautcha kupsa mtima kopanda pake, ndiye ndinafufuma. Atandiitanira kuchipinda china chamseri, cholowa ndi mawu achinsinsi, ndinaona kuti kukana n'kupanda ulemu. Ndinalowa.

Lamlungu masana anaikamo kanema. Galimoto kuphulika pamsika, mitembo pansi, mayi wina akulira. Ine ndinachita zomwe timachita kwathu tikamva zovuta. Ndinalemba kuti pepani abale, atisiyawa ndi ndani, maliro aikidwa liti, achibale tingawapeze bwanji.

Anandiseka. Wondiyamikira uja ndiye analemba kuti amenewo ndi adani, lero ndi tsiku lachisangalalo.

Mutu unatentha. Chingerezi chinandithera, ndinawalalatira m'Chichewa, zala ziwiri zokha koma kiyibodi inalira. Ndinawauza kuti osangalala pamaliro kwathu timawadziwa, ndi afiti. Posakhalitsa anandichotsamo. Ndinaimirira ndikudziguguda pachifuwa.

Akazi anga anachokera kukhitchini. "Bambo, mukumenyana ndi ndani?"

"Ndathana ndi afiti, mayi."

Anayang'ana pakompyutapo, nkhope inasintha. "Afiti anuwa boma limawatsatira. Baji yanu ija mwaiganizira?"

Baji imeneyo ndiyo inkanditsegulira zitseko kuntchito, ndipo masiku amenewo ankalanda pa nkhani yochepa kuposa iyi. Baji ikapita, ntchito yapitanso.

Lolemba ndinapita ndekha kwa abwana n'kufotokoza zonse. Anaitana mkulu wa zachitetezo, amene anatenga baji, nalemba adiresi ya chipinda chija, n'kundipempha ndibwereze m'Chingerezi zomwe ndinawauza anthuwo. Ndinabwereza choimirira, ndi manja omwe. Pa afiti paja anandiimitsa kuti ndifotokoze bwino. Ndinafotokoza mpaka zouluka pa lichero. Mkulu uja analuma mlomo kuti asaseke.

Anati ndidikire kunyumba. Masiku amenewo akazi anga anasamutsira kompyuta pabalaza, moyang'anizana ndi mpando wawo, ndipo ine sindinatsutse, chinthu chomwe sichinachitikepo m'banja lathu.

Kenako foni inalira, akuti bwerani. Nditafika anandibwezera baji. Ndinaiika pachitseko, kanyali kanayaka kobiriwira, chitseko n'kutseguka. Ndinatuluka n'kulowanso, kutuluka n'kulowanso, mpaka mlonda anandifunsa ngati ndaiwala china panja.