Usipa pa chithunzi cha Esinati

Lachiwiri lapitali alamu anga a ku Nkopola anayanika usipa pa chithunzi cha mwana wawo.

Musawaweruze msanga. Esinati, mwana wa mchemwali wanga, amajambula zithunzi zopanda munthu, nsomba ngakhale mtengo. Penti wa m'sitolo sagula. Amasefa katondo wochokera ku Katuli, kusinja makala, kusakaniza ndi guluu, n'kumatapo zidutswa za ukonde wakale. Chithunzi ichi chinamudyera milungu itatu, ndipo a pa loji ina anali atalola kuchipachika Loweruka, koyamba m'moyo wake.

Anachigoneka pa thandala kuti chiume. Bambo ake pochokera kunyanja anangoona chithabwa chothimbirira pamalo poyanikira nsomba, basi n'kukhuthulirapo beseni lonse.

"Ababa, mwandipha!" anakuwa Esinati.

"Iwe, ine ndimayesa ndi popukutira maburashi. Nanga chojambulacho chili pati?"

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Koma nditaona mwanayo akutola usipa umodziumodzi, misozi ili chuchuchu, manyazi anandigwira. Si ine ndinamufunsa mwezi watha ngati chithunzi chake china chinali mapu a kolera?

Ife kuno chithunzi timafuna tichizindikire ngati m'bale wathu. Bwato, mlambe, mayi wosenza mtsuko, zomwe zija zadzadza m'mbali mwa msewu kudikira azungu. Chikasowa zimenezi, ati wojambulayo mutu sukuyenda. Koma chitenje mwavalacho, mizere yokhotakhotayo ikutanthauza chiyani? Munamufunsapo wogulitsa? Munangoti chakongola, n'kupita nacho ku ukwati.

Mamba a usipa anakanirira pa guluu, osachoka. Esinati anati chitayidwe, ku loji sapitanso. Bambo ake tsiku limenelo sanadye.

Loweruka m'mawa anachimangirira okha pa njinga, mwana akutsatira m'mbuyo ali ndwii. Chitapachikidwa, mamba aja ankanyezimira pa katondo, anthu n'kumaima. Alamu anga, m'jekete yawo ya kutchalitchi, anaima pambali kuuza aliyense wodutsa: "Dothili ndi la mwana wanga. Mambawa ndi anga."

Mpaka lero sadziwa kuti kumwamba kwa chithunzicho n'kuti. Koma dzulo ndinawapeza akumanga thandala lina, loletsedwa nsomba.

Nanga inu, mwana wanu akapanga chinthu chimene simukuchimvetsa, mumakhuthulirapo chiyani?