Mmene abambo analowera m'tchopa

Ndili mtsikana wa sukulu, abambo anali mphunzitsi pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo ndi iwonso ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi. Ine ndinkaimba motsitsa kwambiri, koma sindinkajomba.

Chaka china tinamva kuti abusa achizungu adzabwera pa Khirisimasi kudzamvera kwaya yathu. Tsoka lake, Loweruka masana, nthawi yathu yophunzira nyimbo, ndi pomwenso othyola tiyi ankavina tchopa tsidya la khwawa. Ng'oma zikangolira, oimba athu ankatuluka mmodzimmodzi, ati akukamwa madzi. Tinatsala ine ndi mkulu wina wogontha.

Abambo anayesa zonse. Anaimba chitsulo cha sukulu mpaka dzanja kutupa, koma ovinawo anangoyamba kuponda motsatira chitsulocho. Anakadandaula kwa akapitawo, osadziwa kuti ng'oma yaikuluyo mwini wake ndi akapitawo omwewo.

Nzeru inabwera ndi akalaliki a ku ofesi, atabwera kudzacheza kwathu.

"Aphunzitsi, azungu ali ndi mwambi wawo. Amati anthu akakukanika kuwagonjetsa, lowa m'gulu lawo."

"Ndiye ndikavine? Ine?"

"Kuvina ayi. Mukangoima nawo, kuseka nawo, kenako muziwanong'oneza kuti abwerere."

Amayi anali pakhonde, akusankha nandolo. "Pitani, bambo a mwana," anatero, "koma miyendo yanuyo ndimaidziwa ine."

Loweruka abambo anavala jekete, ine ndikuwanyamulira buku la nyimbo. Tinaima m'mphepete mwa bwalo. Asananong'oneze ndi mmodzi yemwe, akapitawo anawaona.

"Aphunzitsi afika! Apatseni malo!"

Wina anawakoleka chikopa paphewa.

"Ndabwera kudzalankhula chabe," anatero abambo, koma phazi lawo lamanja linali litayamba kale zake. Anakulira uko kwa Apwitikizi, kumene tchopa ankavina asanadziwe n'kuwerenga komwe. Anandiponyera jekete. Amayi ena anayamba nthungululu, ine ndinabisa nkhope m'buku, ndikusuzumira pang'ono. Koma abambo anavina! Madzulo ake, m'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, ndinangolemba kuti kunali fumbi.

Abambo ndi ovinawo anagwirizana kuti nyimbo za kwaya ziziyamba, tchopa pambuyo, ndipo aphunzitsi azipezeka konsekonse. Pa Khirisimasi kwaya inadzaza mpaka pakhomo, akapitawo akuimba besi. Abusa anakondwa kwambiri. Koma potuluka anaitana amayi pambali, ine ndili kumbuyo kwawo, n'kufunsa chifukwa chake mapewa a aphunzitsi ankagwedezeka nyimbo yonse.

"Ndi malungo, abusa," anatero amayi, nkhope ili gwa.

Abusa anatsegula chikwama, n'kutulutsa kwinini, n'kuitanitsa madzi. Anaima pomwepo mpaka abambo atameza.