Ambuya Zuze ndi Amake Tereza

Ambuya anga aamuna, a Zuze, ankanunkha utsi wa mupani ngakhale atasamba ndi sopo wa Lamulungu. Ndikawakumbukira ndimawaona atawerama pa uvuni wowambira nsomba kuseri kwa nyumba yathu ku Feira, maso ali psuu, akutembenuza mapende ndi zala zosamva moto, uku akung'ung'udza nyimbo za kwaya, pomwe kumtsinje kukumveka kulira kwa mvuu ndi kugogoda kwa nkhafi m'mbali mwa mabwato. Ndinakulira m'manja mwawo, chifukwa amayi ankagwira ntchito ku Lusaka ndipo ambuya aakazi anamwalira ndisanabadwe.

Kutsidya kwa kanjira kunkakhala amake Tereza, mayi wamtali wogulitsa masau ndi mchere pamsika. Anathawa nkhondo ya ku Mozambique mwana ali kumsana. Amuna awo anatengedwa ndi anthu a mfuti, ndipo zaka zinadutsa popanda wodziwa ngati ali moyo.

Zoti awiriwa ankakondana ngakhale mbuzi zinkadziwa. Nsomba yonona kwambiri sinkafika kumsika, inkathera kutsidya kwa kanjira, ndipo ambuya ankayamba ameta ndevu pokangokonza denga la mayiwo. Koma m'nyumba sankalowamo. Ankakhala pachitsa, poyera, pomwe aliyense wopita kumadzi ankawaona, ndipo dzuwa likapendeka ankatsanzika. Wansembe anali atawauza kuti popanda umboni woti mwamuna uja anamwalira, ukwati sungadalitsidwe. Asodzi anzawo ankawaseka: "Zuze, munthu uja anadyedwa ndi chiswe kalekale. Samutsa mphasa basi!" Iwo ankangoyankha kuti, "Bwato ukalipeza lokha padooko, usati lilibe mwini."

Tsiku lina masana mvula yamkuntho inatipeza kwa amake Tereza. Ine ndinathamangira m'nyumba n'kukakhala kuseri kwa matumba a masau, ndipo akuluakuluwo anandiiwala. Ambuya anaima pakhonde, madzi akuwakwapula kumsana. Amake Tereza anaima pakhomo n'kuwagwira dzanja. Ndinali ndisanawaonepo akukhudzana.

"A Zuze, lowani," anatero. "Sindikunena za mvula yokhayi ayi. Ndatopa kukhala ndekha, ndipo tikukalamba. Mulungu amene anandiona ndikuthawa m'tchire ndi mwana angatikwiyire pa ichi?"

Phazi limodzi la ambuya linali litadutsa kale pakhomo. Anakhala choncho nthawi ndithu, dzanja lili m'dzanja, mvula ikusokosa padenga. Kenako anabweza phazi lija.

"Ndikalowa lero, mayi, sindidzatulukanso. Ndikudzidziwa ine. Koma Lamulungu lililonse ndimakumvani mukutchula dzina la atate ake Tereza m'pemphero. Ndikulandeni pemphero limenelo?"

Mayiwo anataya dzanja lija, nakhala pansi, nabisa nkhope m'chitenje. Ife tinabwerera kwathu mvula ikadagwa. Kwa masabata angapo amake Tereza sanawapatse moni ambuya, ndipo nsomba zimene ankawatumizira zinkabwerera ndi mbale yomwe. Ambuya anawonda, nyimbo zinatha pauvuni. Atayambanso kupatsana moni, anabwerera pachitsa pawo pomwe paja.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kuwoloka mwaufulu. M'mawa wina wamalonda wa nsomba anabwera ndi mawu akuti ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje ku Mozambique, kwafika munthu wowonda, wotsimphina, amene akufunsa za mkazi wamtali ndi mwana wotchedwa Tereza. Amake Tereza atamva anadzaima pabwalo pathu. Ambuya anawayang'ana, napukuta manja, natenga nkhafi.

"Tiyeni, mayi. Mabwato a anyamatawa amalowa madzi."

Ine ndi Tereza tinadikira padooko mpaka dzuwa linafika pamutu. Bwato linatulukira pamene Luangwa amathira mu Zambezi, bambo uja ali pakati, mkazi wake atamugwira mapewa, ambuya kumbuyo akupalasa maso ali pamadzi. Atakocheza ambuya anamutsitsa okha, nati, "Mwafika, m'bale wanga. Banja lanu ndi ili, mwalipeza lili bwinobwino."

Titafika kunyumba ambuya anapita kuseri n'kulira mokweza ngati kamwana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinachita mantha, koma ndinawafunsabe: "Ambuya, mukanakonda asabwere?"

"Mbali ina ya mtima ikutero, mzukulu," anayankha. "Imeneyo ndiyo ndikuipempherera."

Sanakwatirenso mpaka imfa yawo.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo pampingo pathu ndimalangiza achinyamata otomerana. Akandifunsa kuti malire ali pati, ndiponso ngati kudziletsa kuli ndi mphotho, sindiwanamiza kuti n'kosavuta kapena kuti aliyense wodikira amapatsidwa chimene ankachifuna. Ndimangowauza kuti ine ndinaona ndi maso angawa mwamuna akulira chifukwa chochita zabwino, ndipo kuti pa tsiku la maliro ake, munthu amene anakankha anyamata n'kuumirira kunyamula bokosi kutsogolo, akutsimphina njira yonse ya kumanda, anali atate ake Tereza.